Khumi ndi Awiri, Asanu

Batire langa linakulira m'lole ya thonje
yoyenda pakati pa Ngabu ndi Limbe
mpaka injini inatsokomola komaliza.
Lero limagona pansi pa benchi kuno ku Bangula,
masana likumwa dzuwa la padenga,
usiku likuyankhula mavoliti khumi ndi awiri.

Koma foni ya Mai Nyakuipa imamva asanu okha.
Kawailesi ka Tchale wa kabaza, asanu.
Kanyali ka mwana wanga Nsaliva, asanu.
Ukazipatsa onse khumi ndi awiri
umamva fungo la pulasitiki wopsa,
kenako fungo la ngongole.

Poyamba ndinaika kachitsulo ka miyendo itatu
komwe ndinazula m'wailesi yakufa.
Kankagwira ntchito, sindikanamizira:
asanu kankapereka,
asanu ndi awiri otsalawo nkumawatafuna,
nkumawalavula ngati moto.
Chala changa chamkombaphala chikadali ndi chipsera.

Tangoganizani, moto.
Kuno kuchigwa,
kumene mwezi wa Okutobala mbuzi zimapumira m'kamwa
ndipo phula la mumsewu limamata kuphazi,
ine ndinkagula dzuwa ndi ndalama za mapira
kuti ndilisandutsenso kutentha.
Eyiti koloko isanakwane batire lakomoka,
Nsaliva watseka buku la samu,
udzudzu wokha ndiwo ukupitiriza kuwerenga.

Kabolodi aka anandibweretsera ndi kondakitala Fombe,
atakakulunga m'pepala la chingwa.
Kukula kwake ngati bokosi la machesi,
pakati kawaya ka mkuwa kodzipiringiza ngati bongololo.
Akuti sikalimbana ndi mphamvu, sikaitsekereza pachifuwa.
Kamatsegula, kutseka, kutsegula, kutseka,
kambirimbiri diso lisanaphethire,
kabongololo kaja nkumasunga kadontho kalikonse
ndi kukapereka mwaulemu, ndi manja awiri.
Chimene foni sinapemphe
chimatsala m'batire, kudikira mawa.

Ndinapotokola kasikuluwu kake ndi nsonga ya mpeni,
maso ali pa mita:
naini,
seveni,
sikisi ndi theka,
dzanja likunjenjemera ngati ndikuchotsa chitsotso m'diso la khanda,
faifi.
Ndinakhudza ndi chala chachipsera chija.
Zii, ngati mtsuko wa m'mamawa.

Usiku umenewo kanyali kanafika mpaka tambala woyamba.
Ndinakhala pakhomo osagona,
kuyang'ana chakum'mawa, tsidya la Makhanga,
kumene kunali nyumba yathu
chaka chomwe Ruo ndi Shire anabwera onse pamodzi
usiku umodzi, osagogoda.
Madzi omwewo tinkawapempha mu Disembala,
chimanga chitapota masamba.
Akanabwera ndowa imodzi lero, ina mkuja,
bwenzi tikudya mondokwa m'malo mwa nyika.
Kumwamba kulibe kasikuluwu.
Ngati kalipo, mpeni wanga sufikako.

Koma pali zina zomwe mpeni umafika.
Dzulo Nsaliva anagwetsa foni ya kasitomala m'beseni.
Ndinamva khumi ndi awiri onse akukwera pakhosi,
ena oonjezera a ngongole ya kwa Fombe,
ena a mvula ija.
Mwanayo anaima, manja akudontha,
wamng'ono ngati kanyali kake.
Ndinatsegula pakamwa, kutseka,
kutsegula, kutseka.
Chimene chinatuluka ndi ichi:
chotsa batire, uiike mu mpunga, tiona mawa.

Zotsalazo sindikudziwa kuti zinapita kuti.
Sizinandiotche.
Mwina zili pansi pa benchi,
zikudikira ntchito ina.

Foniyo sinadzuke.
Mwini wake akubwera Lachisanu.
Pakali pano mafoni asanu ndi anayi ali pamzere
ngati ana a ng'ombe pa chitsime,
lililonse likumwa mlingo wake,
ndipo Tchale waima panja ndi njinga,
akufunsa ngati yake yadzadza.