Wothira Laimu pa Bwalo la Zomba

Loweruka ndimalawirira nkhungu isanavuuke paphiri,
chidebe cha laimu kudzanja lamanja,
chingwe ndi zikhomo m'thumba la jekete.
Anzathu amalemba mabuku ku Chirunga uko,
ine ndimalemba pa udzu,
ndipo likamapendeka dzuwa
nsapato makumi anayi ndi zinayi zimakhala zitafufuta zonse.

Ndikawerama kukoka chingwe
phiri limandiyang'ana kumsana.
Silinayambe lero.
Linamuona bwanamkubwa ndi chisoti chake cha nthenga,
linawaona anyamata a Keyala akuguba kunka kunkhondo ya eni.
Ena anabwerako ndi mamendulo ndi chifuwa chosamva mankhwala,
ena anabwerako ali zilembo chabe
pa chipilala cha njerwa zofiira chija,
pomwe minibasi zimadutsa osachepetsa n'liwiro lomwe.

Bambo anga, Che Ndembo, anali mesenjala wa boma,
kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo.
Chaka chomwe likulu linasamuka
ndiwo anakweza mafayilo m'malole a ku Lilongwe.
Akuluakulu anati kwerani nawo.
Iwo anafunsa, nanga phirili mwalikweza kale?
Malole anapita ndi fumbi lawo.
Iwo anatsala ku Chinamwali kuweta nkhunda,
ndipo mpaka tsiku lowaika
podutsa pa nyumba ya malamulo yakale ankavula chipewa,
ngakhale munalibe wowayankha.

Dzulo akaidi ovala zoyera anatchetcha bwaloli.
Mmodzi anandipempha fodya,
n'kundifunsa ngati matemba a ku Chilwa akadali otchipa mumsika.
Ndinanama kuti inde.

Ikamakwana 2 koloko Matawale yatsika, Sadzi yatsika,
a ku Mpondabwino ndi njinga zawo za kabaza,
ana ali lendee m'mitengo ngati mileme.
Lero asilikali akulandira alendo a ku Blantyre.
Ng'oma, malipenga, amayi a zitumbuwa,
ndi mkulu wina amene chaka chilichonse amalumbira
kuti woimbira akadzakondera
adzamuperekeza yekha ku Dzenje la Chingwe.
Sanaperekezeko munthu. Phirilo amaliopa, ali ndi mphumu.

Mvula inachokera cha ku Mulunguzi,
ya mpepera poyamba, kenako yeniyeni.
Kutatsala mphindi zitatu
mpira unagunda chitsulo, n'kudunda pansi, n'kubwerera.
Chalowa! Sichinalowe!
Woimbira anathamanga kukaŵerama pa mzere wanga
ngati munthu woŵerenga kalata ya maliro.
Analoza pakati. Bwalo linaphulika.

Tsono ndikuuzeni inu nokha.
Mzere umenewo ndinaukhotetsa pang'ono, kuchuluka kwa chikhatho.
M'mawa, ndili mkati mothira,
nkhungu inang'ambika ndipo msewu wa Ku Chawe unaoneka,
ine n'kukumbuka Asiyatu, mwana wanga,
amene nthawi imeneyo amakhala ali pa khona lachitatu
ndi mbale ya sitiroberi pamutu,
kuthamangira galimoto za alendo zosaima,
mapazi ali gwa ndi kuzizira.
Dzanja linatsata maso.
Laimu sabwerera m'chidebe.

Usiku uno m'mabala a ku Chikanda akangana mpaka tambala,
wailesi itchula wogoletsa ndi dzina la agogo ake.
Ine ndikutsuka chidebe pa mpopi wa kuseri.
Asiyatu wafika, watsala ndi sitiroberi zisanu zophwanyika.
Tadya ziwiriziwiri,
yotsalayo akuti ndi ya amake.
Wandifunsa kuti awina ndani.
Ndati ife.
Kumtunda, nyali za pa hotela zayaka mu nkhungu,
ndipo pabwalo patsala matope okhaokha
ndi kachidutswa ka mzere pakona ya kum'mawa
komwe sikanapondedwe.