Kandere ka Mapepala

Lachiwiri lililonse ndimakwera kaphiri ka ku Melville
ndi thumba lakuda ndi kakhasu kogwedera mpini.
Ntchito yanga ndi chisoso. Kuzula basi.
Muno mu Joni chimamera pomwe chafuna:
m'mphepete mwa njanji ku Braamfontein,
m'ming'alu ya simenti kuseri kwa renki ya matekisi,
ngakhale pamanda a eni migodi.
Kaduwa koyera, pakati pachikasu,
kenako timinga takuda tokakamira buluku
ngati mwana wokana kutsala pakhomo.

Sabata yatha Refilwe, mtsikana wa ku yunivesite,
anandikodola ali chogwada pansi pa thanthwe
pomwe madzi amadonthabe mvula itapita kale.
Anandibwereka galasi lake lokuzira zinthu.
Ndinaona kandere kosaposa chikhadabo cha khanda,
kophwatalala, kamphanda ngati lilime la njoka,
kopanda duwa, kopanda muzu weniweni.
Akuti wakhala akukasaka zaka zitatu.
Akuti kukauma kamadzipinda ngati kafa,
dontho limodzi lokha, kadzuka.

Anakazinga ndi kachingwe kofiira, n'kukapatsa nambala.
Dzina lake lachilatini linandikanika pakamwa.
Langa, Kaliyati, iye analitchula bwinobwino
pondipempha kuti ndisapondepo.

Ndinaseka chamumtima. Kandere kali ndi mapepala!
Anga anatha mu Epulo,
ndipo galimoto ya apolisi ikaima pa Rockey
ndimasanduka wogula tomato.

Komatu kaduka sikanachedwe mwa ine.
Thanthwe limenelo likadzauma, kadzapita kuti?
Sikadziwa kukwera pa sokosi ya munthu,
sikanaolokepo Limpopo usiku.
Dziko lake lonse ndikhoza kuliphimba ndi chipewa.

Madzulo ndinasankha nsonga zanthete m'thumba muja.
Kuchipinda kwathu ku Yeoville tilimo asanu;
Mwandida anasinja mtedza ndi botolo,
tinadya chisoso chotendera, magetsi atazima,
aliyense akutchula munda wa kwawo
pomwe ankachitukwana polima.

Lero ndakwerakonso. Refilwe kulibe.
Ndazula, ndazula, msana kuchita kulira,
kenako ndapita pathanthwe paja ndekha,
ndagwada kunja kwa kachingwe,
ndayang'ana mpaka maso kutuluka misozi.
Popanda galasi ndangoona dothi lonyowa.
Ndanena kuti, mwaswera bwanji, anzathu osowa,
ndipo podzuka ndathothola timinga pamaondo,
n'kutiika m'thumba la malaya
kuti tisagwere pamenepo.