Wopaka Girisi

Ndine wopaka girisi pa kampu ya ku Lungwena.
Matipa awiriwa ndimawadziwa kunsi kwake,
kumene eni ake sasuzumirako.

Ya Twaibu ndi ya msana umodzi,
chitsulo chowongoka kuchokera kumphuno mpaka kumchira.
Pamsewu wouma wochokera kukwale
imasenza miyala ya maulendo awiri,
dizilo n'kumangonyambita.
Siipempha zambiri kwa ine.
Siindidziwa n'komwe.

Ya Abiti Mdoka ili ndi chiuno.
Mutu ukaloza ku Malindi
thupi likadayang'ana ku Namwera,
ngati wovina manganje wosamva kuitana kwa make.
M'mawa uliwonse ndimagona chagada m'matope
kudyetsa chipini chapakaticho.
Chikadya, ifenso tidya.

Febuluwale anasungunula makande.
Twaibu anatitimira mpaka pamimba m'dambo,
matayala akungozungulira chabe,
iye akutukwana m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe.
Yachiuno inalambalala, kupindika, kudzikoka,
matayala onse asanu ndi limodzi ataluma pansi.

Koma Lachinayi lapitali, pokhuthula dothi pafupi ndi mlatho,
thupi lake linapendekeka, phii! n'kugona cham'mbali,
mutu uli chilili.
Abiti anatsika, nakonza mpango wake,
napempha madzi akumwa.

Kapitawo akufunsa madalaivala
kuti chaka chamawa igulidwe iti.
Ine sanandifunse.
Msana wanga wauma ngati wa tipa ya Twaibu,
koma ntchito yanga ndi kuwerama.