Eyite-seveni

Pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe
pamakhala mnyamata wa sikelo, dzina lake Lekani.
Umupatse handiredi kwacha, uvule nsapato, ukwere,
iye awerenge mokweza ngati akulengeza maliro.
Eyite-seveni, mayi.
Sabata yatha, eyite-seveni.
Mwezi wonse wa Meyi, eyite-seveni.
Kasingano kangoima njii
ngati minibasi ya ku Bangwe
yodikira munthu mmodzi kuti idzaze.

Poyamba zinkatsika zokha.
Kuchokera pa nayinte-sikisi
makilo ankathothoka ngati mango a mu Disembala.
A Nankhoma, anamwino a ku Kwinzi,
anamasula lamba wa bipi pamkono panga
nati: Mwandida, ukuyenda bwino.
Ndinatuluka pageti ndikumwetulira ndi alonda omwe.

Kenako zii.

Mandasi a pageti la sukulu ndinawasiya,
aja otentha, onyowetsa pepala ndi mafuta.
Tiyi ndimamwa wopanda shuga,
lilime likundifunsa chimene linalakwa.
Pachiwaya ndimadutsa nditapotoza khosi
ngati mwini wake ndili naye ngongole.
Faifi koloko imandipeza pamsewu,
chiperoni chikundilasa m'makutu,
moti agalu a ku Chimwankhunda
anatopa nane, anasiya kundiuwa.

Lekani, sikelo yakoyi inafa.
Anaseka, nakwerapo yekha: fifite-thuu.
Ndi yamoyo, mayi.

Tsiku limenelo ndinagula chipisi ndi mwendo wa nkhuku,
ndinadyera kuseri kwa depoti, chilili, ngati wakuba.
Sindinalire.
Ndinanyambita zala zonse zisanu.
Usiku ndinakankhira nsapato zothamangira kunsi kwa bedi
ndipo zinagona komweko masiku anayi
zitayasama kukamwa.
Amati kuona maso a nkhono n'kudekha,
koma sanena kuti udekhe miyezi ingati.

Lachisanu ndinapita kwa a Chipojola atelala
kukayesa diresi la ukwati wa mng'ono wanga.
Anandizunguliza tepi m'chiuno,
nayang'ana m'kope lawo lothimbirira,
nandizungulizanso.
Kodi miyeso ya mu Epulo iyi ndi yanu, mayi,
kapena munandituma ya munthu wina?
Anachotsa mapini atatu pamlomo,
natsina nsalu kumsana kwanga,
nsalu yokwana kusokera mwana kathumba.

Ndinakhala chete pabenchi yawo.
Ndinayamba kuwerenga zimene Lekani sawerenga:
mphete yaukwati imene inayambanso kuzungulira pachala,
masitepe a kuntchito amene ndimakwera ndikuyankha foni,
mawondo amene anasiya kulira ndikamagwada m'tchalitchi,
tulo tofika mpaka m'mawa.
Zonsezi zinabwera mwakachetechete
ine maso ali pa kasingano.

Loweruka ndinatulutsa nsapato zija, ndinazikutumula fumbi.
Ndinasiya msewu wa masiku onse,
umene miyendo inauloweza ngati nyimbo ya fuko,
ndinalunjika phiri la Soche.
Pali mwala wina pamene ndinkakhala kale
mtima ukugunda kukhosi.
Ndinaudutsa osauzindikira.
Ndinadzauona pobwerera, uli phee,
buluzi akuwotha dzuwa pamalo panga.

Pamwamba mzinda wonse unali pansi pa mapazi anga,
malata a ku Zingwangwa akung'anima,
utsi wa ku Ndirande ukukwera mosafulumira.
Nanenso ndinapuma mosafulumira.

Dzulo ndinapitanso ku Limbe.
Lekani anawerama, napukuta galasi ndi malaya ake.
Eyite-seveni, mayi.
Kapena yatsika pang'ono, anawonjezera,
pondimvera chisoni.
Usaname, mwanawe, werenga zimene zilipo.
Ndinamupatsa handiredi kwacha yake,
ndinakhala pakhonde kumanga zingwe za nsapato.
Kondakitala anamenya chitseko cha minibasi:
Mmodzi yekha, mayi, tinyamuke!
Ndinapukusa mutu.
Kwathu ndi kutali, inde,
ndipo dzuwa linali lisanapendeke.