Nyika za ku Ndindi

Tambala asanalire kachiwiri ndadzuka kale,
chitenje m'chiuno, thumba paphewa.
Ana atatu agona mopingasa pamkeka.
Sindiwadzutsa. Tulo ndi chakudya chokhacho
chimene ndingawapatse osagwadira munthu.

Mapira anapserera asanafike m'mawondo.
Chimanga cha kudimba Shire anakolola yekha usiku umodzi,
osatisiyira ngakhale chitsononkho.
Tatsala ndi dambo.

Bwato la a Alufandika limatitula kumabango,
malipiro ndi ngongole mpaka Loweruka.
Tilipo asanu ndi mmodzi.
Sabata yatha tinali asanu ndi awiri.
Pamene ankakhala Felesiya palibe akhalapo,
timangopanikizana kutsogolo
ngati mbuzi zopita kumsika wa ku Marka.

Madzi afika m'chifuwa.
Kunsi kuno maso anga ndi zala zakumapazi:
zifufuza m'matope, zapeza, ndamira, ndazula.
Chilichonse chondikhudza mwendo ndi ng'ona
kufikira chitadutsa.

Yesu, Inu munayenda pamwamba pa madzi.
Ine ndimayenda pansi pake.
Kodi mumaona mpaka kuno?

Felesiya ndiye ankatsogolera kwaya ya amayi,
akakweza mawu ankamveka mpaka kuchigayo.
Tsiku lija sanakuwe n'komwe.
Tinangoona madzi akuzungulira,
kenako thumba lake, losadzaza, likuyandama lokha.
Pamaliro opanda mtembo abusa anati
Mwini wake wamuitana.
Ine mumtima ndinati ayi, yamutenga ndi ng'ona.
Ndinatero ndithu, sindikubisirani,
ndipo masiku anayi sindinatchule dzina lanu,
ngakhale podya, pakuti panalibe chodya.

Lero wayambitsa ndi Zabeta,
iye amene kutchalitchi amangoyendetsa milomo.
Mano akugundana, mawu akunjenjemera ngati bango,
koma wayamba, ija ya Felesiya ija,
ndipo Donasiya wavomera cha uko ku maluwa,
wina wavomera akulavula madzi.
Ine ndadzidzimuka ndili kale pakati pa nyimbo,
matope ali m'kamwa.

Akuluakulu amati phokoso limathamangitsa ng'ona.
Ndiye sindidziwa, Ambuye,
ngati tikukutamandani kapena tikuopseza chilombo.
Landirani momwemo.
Musapete ngati mpunga, mungatsale ndi lichero lopanda kanthu.
Mantha ndi matamando zatulukira pakhosi limodzi
ndipo ine ndilibe khosi lina.

Dzuwa la ku Nsanje lafika paliwombo,
misundu yakhuta kumiyendo kwanga.
A Alufandika atiwerenga ndi nkhafi,
abwerezanso kuwerenga.
Asanu ndi mmodzi.
Palibe walankhula mpaka kumtunda.

Madzulo ndaphika nyika, zowawa monga mwa masiku onse.
Mbale imodzi ndatuma Zuze akasiye kwa ana a Felesiya,
asachedweko, asawayang'ane m'maso.
Wamng'ono uja, Lusiyano, wati apemphere ndiye.
Watsinzina diso limodzi, lina lili pambale:
zikomo Mulungu chifukwa cha nyika,
zikomo amayi abwera ndi miyendo yonse iwiri.

Akulu ake aseka.
Ine ameni wanga wakakamira pakhosi,
kenako watuluka, wamng'ono, wonyowa,
wonunkha dambo.

Ndi yekhayo ndili naye, Ambuye. Tengani.
Mawa tambala asanalire kachiwiri
mukandipeze kumabango,
mukalowe ndinu poyamba.