Ya Chaka Chanji?

Wogulitsa zitsulo ku El Alto
anandifunsa funso limodzi pa foni: ya chaka chanji?
Ndinati ndi ya malemu bambo anga.
Anaseka mpaka kutsamwa.
Chimenecho si chaka, mayi, mukadziwa mudzaimbenso.

Mapepala akuti 1972.
Kachitsulo ka pachitseko kamene kakanaikira umboni
mchere wa ku Uyuni unakanyambita kalekale,
kwatsala 4 ndi theka la chilembo
choti wina angati B, wina angati 8.

Ndiye lero tagona chagada pansi pake, pa makatoni,
ine ndi Saturnino Limachi,
ine tochi m'manja, iye tsaya lotupa ndi masamba a koka,
mphepo ya Julaye ikutifufuza m'miyendo ya buluku
ngati tili nayo ngongole.

Akuti za chaka chimenecho zambiri zinkabwera ndi magiya atatu.
Koma iyi ndayendetsa ndekha zaka naini,
ndanyamulira azungu ndi makamera awo
pa mchere woyera mpaka maso kuwawa,
ndipo ili ndi anayi.
Yachitatu imalira kukazizira.
Rivesi umachita kuipempha.

Saturnino sakangana ndi munthu, amangopala.
Wapala girisi wokalamba ndi mpeni wodulira buledi,
wawerenga mabawuti a chivindikiro ndi chala,
wabwereza, poti limodzi linabisala m'matope.
Kenako wanditenga dzanja n'kulikweza
pamwamba, pamene diso silifika,
pamene ndodo ya giya imabowola pansi pa galimoto.
Mwamva?
Ndamva. Mkombero wa bowolo ndi wa manomano,
ntchito ya tchizulo ndi hamala,
ya munthu amene analibe magetsi
ndipo ankathamangitsana ndi tambala.

M'kati, m'mbali mwa chiwongolero,
muli kabowo kotsekedwa ndi chitsekerero cha botolo la mowa.
Ndinayamba kukaona miyendo yanga isanafike pa kilatchi.
Ndinkayesa n'chokongoletsa.
Kani m'pamene panali ndodo yoyamba.

Dzuwa litapendeka tatsitsa kabokosi kakumbuyo
kamene kamagawira mphamvu matayala onse anayi.
Shafuti yatulukira, noninoni ndi oyilo.
Saturnino wapaka choko dzino limodzi
kuopa kuliwerenga kawiri.
Akanakhala khumi, bwenzi ili yakale.
Akanakhala naintini, bwenzi ili yaposachedwa.
Tapeza sikisitini.
Yapakati, watero, ndipo walavula.

Thupi ndi la chaka china,
giyabokosi ya chaka china,
kabokosi kogawira n'ka mbumba inanso.
Bambo anapita nazo kumanda osatsegula pakamwa,
iwo amene ankandikalipira ndikatola ndalama yogwa pamsika.

Ndafunsa kuti anaitenga kuti.
Saturnino wapukuta sipanala imene inali yoyera kale.
Wati kunali galimoto ya kumgodi
inagubuduzika panjira ya ku Pulacayo, Lachisanu lina,
dalaivala anatulukamo wamoyo n'kupita kukaitana thandizo,
thandizo pofika Lolemba linapeza galimoto ilibe matumbo.
Ine sindinaone kanthu, watero.
Ndinali mwana.
Ndinkangogwira nyali.

Ndayang'ana tochi m'dzanja langa.
Palibe amene waseka.
Patali galu wauwa sitima ya mchere/ ayi, wauwa mphepo chabe,
kuno sitima imadutsa ikafuna.

Usiku ndaimbanso ku El Alto,
zala zikununkhabe oyilo wa giya.
Magiya anayi, ndodo yapansi, mano sikisitini.
Nanga chaka, mayi?
Chaka musiye.
Kwakhala zii, ndamva akukankha zitsulo ndi phazi,
wailesi ikulengeza mpira chapatali.
Ilipo imodzi, watero, koma ilibe mapepala.
Ndati itumizeni pa basi ya Lachitatu,
kuno ikapeza abale ake.