Malita Atatu

Galimoto ndinaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala
tsiku lomwe mafuta anakweranso mtengo.
Tsopano nkhuku ya aneba imaikira kuseri kwa tayala,
ana amalemba maina awo pafumbi la galasi,
ine ndimailambalala m'mawa uliwonse
ngati munthu amene ndili naye ngongole.

Koma m'mimba mwake muli malita atatu.
Amenewo sakhudzidwa.

Kuchokera kumtunda kwa Chinamwali kukafika ku ofesi
ndi mphindi makumi anayi,
ola lathunthu mvula ikagwa usiku.
Nsapato za kuntchito zimakwera m'chikwama ngati mabwana,
zam'njira zimadya matope.
Ndimasinthira pafupi ndi mlatho wa Mulunguzi,
nditabisala, thukuta lili kamukamu.

Kassimu wa kabaza amandiimira:
"Kwerani bwana, ndikuchotserako."
Ndimati adokotala anandiuza kuti ndiziyenda.
Amaseka. Amadziwa dzina la dokotalayo.
Ndi thumba.

Madzulo Asiyatu amatsegula buku lake la kusikelo,
kumapeto, kumene anamwino sayang'anako.
Lolemba: sanakwere.
Lachiwiri: sanakwere.
Lachitatu: anakwera pobwera, mvula.
Zotsalazo zinasanduka beseni,
zinasanduka zitenje zinayi, lezala, makandulo,
kachipewa kaubweya kolowa chibakera changa.
Kumsika, kuchigayo, kogula mayunitsi,
zonse ulendo umodzi, Loweruka,
ufa pamutu pa mphwanga, kabichi m'khwapa mwanga.

Alamu anabwera kudzaibwereka
ya ku chinkhoswe ku Songani.
Ndinati pampu inafa.
Anauza mtundu wonse kuti ndine woumira,
ndimawotcha chala mbatata ilipo.
Ndinangoti zikomo.

Anamwino anali atanena kale:
uyu asadzayese pakhomo, adzathamangire ku Sentolo.

Ndiye linafika tsikulo, lisanakwane,
usiku, magetsi atazima,
mvula ikutsika m'phiri ngati yatumidwa.
Asiyatu anagwira chitseko, nati, "Bambo, ndi pano."
Ndinathamangitsa nkhuku, ndinapotokola kiyi.
Kwe.
Kwe.
Zii.

Miyezi inayi ndikusunga mafuta,
batire ndinaliiwala.

Sindikudziwa amene anakuwa.
Ndinangoona matochi a mafoni akutuluka m'makomo:
Che Likagwa, malaya atavala chagada,
mayi Namangale ogulitsa makala,
Kassimu, amene sindinampatsepo ngakhale kobiri,
ndi alamu omwe aja, opanda nsapato.
Manja khumi pa chitsulo chonyowa.
"Giya yachiwiri! Usachotse phazi tisananene!"
Chitunda chimene chimandithyola mawondo madzulo onse
usiku umenewo chinandibwezera ngongole.
Galimoto inatsokomola, inatsamwa,
inakumbuka dzina lake.

Kamuvi ka mafuta kankanjenjemera pamzere wofiira,
ine ndikukalankhula ngati mwana wodwala:
limba, tadutsa kale pamsika,
limba, depoti ndi iyo.
Kumbuyo Asiyatu ankaluma chitenje chatsopano,
mayi Namangale akumuwerengera mpweya.
Kale potsetsereka ndinkachotsa giya
kuti ndipulumutse dontho.
Usiku umenewo ndinaponda
ngati mafuta amatungidwa pa mjigo.

Tambala asanalire kachiwiri
anatulutsa uthenga pakhonde:
wamkazi, makilo awiri ndi theka,
mapapo ngati kondakitala wa minibasi.
Alamu anandigwira paphewa, nati,
"Pampu ija inachira bwanji?"
Tinaseka mpaka mlonda anatiyang'ana.

Tamutcha Sungeni.

Ndaviika kamtengo m'thanki:
kanyowa pang'ono, kunsonga kokha.
Mawa ndipita wapansi,
fulasiki ya phala m'chikwama, pambali pa nsapato.
Otsalawo sakhudzidwa.
Ndi okamtengera kwawo
mlendo amene sanayambe waonapo Chinamwali.